Ka “Ndi” ka Madamu Inonge

Ndikakumbukira Madamu Inonge, ndimamva fungo la inki yakuda losakanikirana ndi utsi wa tsabola. Utsiwo unkachokera kudimba kwa atate, kumene tinkawotcha ndowe za njovu zoumba pamodzi ndi tsabola kuti njovu zomwezo zisatithere nthochi, ndipo mphepo ikatembenuka unkadutsa mpanda wa bango n'kukafika pakhonde pawo, pomwe iwo ankapukusa makina akale osindikizira, akutsokomola, misozi ili chuchuchu, koma dzanja osaliimitsa. Makinawo ankalira kwakata kwakata mpaka nkhuku kuthawa, ndipo pepala lililonse linkatuluka lonyowa, n'kuyanikidwa pamphasa pambali pa anzake ngati mfutso.

Anali mphunzitsi wochokera kutali ku Mongu, Mlozi wamtali wa mawu okhuthala, amene boma linawatumiza pasukulu yathu ya m'chigwa cha Luangwa, chakufupi ndi Chinzombo. Nyumba yawo inali yomalizira pamzere wa nyumba za aphunzitsi, yogundana ndi malo athu, moti tinkamverana chilichonse, kuyambira kutsuka mbale mpaka mikangano ya atate ndi amai. Ife tinali a ku Katete. Atate, a Banda, anatsikira kuchigwa kudzatsegula kantemba ka chitseko cha buluu, kogulitsa sopo, mchere ndi parafini kwa anthu ogwira ntchito m'maloji ogona alendo odzaona nyama, ndipo ine Misozi, mwana wawo woyamba, ndinkaima kuseri kwa kauntala ndikaweruka kusukulu.

Munthuyo sankadziwa kukhala pansi. Ankadya ataimirira, ankachonga makope akuyenda, ndipo akabwera kudzacheza kwathu amai ankawatulutsira mpando n'kungouona ukuwotha dzuwa wokha. “Mai awa anayambana ndi mpando,” amai ankatero. Ndikuganiza kuti chinkawasowetsa mtendere ndi zomwe ankaona m'kalasi. Anzanga ambiri ankalankhula Chikunda kunyumba, Chinyanja ankakumana nacho kusukulu ndi kutchalitchi, ndipo timabuku tachinyanja tomwe tinalipo tinali ta nyama zolankhula, toyenera ana ongoyamba kumene. Ife a giredi 8, ena ndevu zitayamba kale kumera, tinkatitsegula timabukuto n'kuyamba kuyasamula.

Choncho Madamu anayamba kulemba nkhani zawozawo, za anthu a msinkhu wathu. Ndimakumbukira ya mnyamata wothawa sukulu kukatsuka magalimoto a loji, ndi ina, imene inatiliza kalasi yonse, ya mwana wa munthu wopha nyama mozemba amene mnzake wa ponda apa nane mpondepo anali mwana wa sikauti wolondera nyamazo. Mapepala ankachita kupempha m'maloji a ku Nkwali, olembedwa kale mbali imodzi, moti ukatembenuza nkhani unkapeza mayina a zakudya za azungu. Nkhani iliyonse ankaidula zigawozigawo, ndipo chigawo chinkathera pomwe mtima wayamba kugunda.

“Mwana wa fifitini sumuuza ati werenga,” ankatero m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka. “Umusiya chabe pamene pamuyabwa. Azakanda yekha.”

Sankaumira nazo nkhanizo. Lachisanu lomaliza pamwezi aphunzitsi a masukulu ozungulira ankafika panjinga, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze, n'kudzaza khonde lija. Ambiri anali ngati iwo, Abemba, Atonga, anthu otumizidwa kuchokera kuzigawo zina n'kuuzidwa kuti aphunzitse Chinyanja chomwe eni ake ankayenda nacho motsimphina. Madamu ankawagawira mapepala, kuwaphikira tiyi, kenako n'kuimirira pakati pawo kuwaonetsa mawerengedwe okweza mawu, potsitsa liwu, ndi pomwe uyenera kutseka pepala n'kutuluka m'kalasi ana akuchonderera. Mphunzitsi watsopano akafika n'kupeza nyumba yake ilibe denga, ankagona kwa Madamu mpaka denga litapezeka.

Koma Chinyanja chawo chinali chophunzirira m'basi ndi pamsika. Ankatha kunena kuti “nyumba wanga” nkhope ili phee. Ankadziwa zimenezo, ndiye asanatayipe nkhani pa sitensulo, chipepala chopyapyala chomwe makina ankasindikizirapo, ankandiitana pampanda. Ine ndinkakhala pamphasa n'kumawerenga mokweza, iwo akuzungulira khonde manja kumbuyo, ndipo ndikapunthwa pa liwu lolakwika ankaima n'kunena kuti, “Konza, mwanaka.” Mwanaka ndiye mwana wanga m'Chilozi. Sindinganame, ntchito imeneyo inkanditukumula. Ndinali mwana wa zaka khumi ndi zinayi wokonza zolemba za mphunzitsi, ndipo ndinkayenda ngati tambala wa pamudzi popanda atambala ena.

Nyengo yokolola thonje itayandikira, Madamu anayamba nkhani ya Tamala. Tamala anali mtsikana wa giredi 8, woimba m'kwaya, wogulitsa m'kantemba ka atate ake ka chitseko cha buluu, ndipo atate akewo ankafuna kuti asiye sukulu azikhala pakauntala tsiku lonse. Panalibe chobisa apa. Zimenezo n'zomwe atate ankanena kwathu madzulo aliwonse, ndipo mpanda wa bango susunga mawu. Chigwa chonse chinadziwa kuti Tamala ndi Misozi wa a Banda. Zigawo ziwiri zoyamba zitatuluka, ana a masukulu ena ankabwera kudzagula switi pongofuna kundiona, ine ndikumwetulira ngati ndapata.

Ndiye malume a ku Msoro anatumiza mawu kuti thonje lawachulukira, akufuna manja. Atate sanaganize kawiri. Ananditumiza sukulu ili mkati, ndipo chigawo chachitatu Madamu anachitayipa okha, wowerenga pamphasa kulibe, n'kuchigawira aphunzitsi onse.

Ndinabwerera pamwamba pa lole ya mabelo, zala zitang'ambika ndi makoko a thonje. Mmawa mwake ndinapita kukatunga madzi pamjigo, ndipo akazi atandiona nkhani zonse zinaima. Palibe anandiyang'ana kumaso. Maso onse anali pamimba panga. Dailesi, mnzanga wa m'kwaya, ndiye anandipatsa moni.

“Muli bwanji nonse awiri?”

Ndinacheuka kuti ndione wachiwiriyo ndani, ndipo akazi aja anaseka mpaka wina kugwetsa ndowa. Dailesi anatulutsa pepala lopindidwa m'chitenje chake n'kundilozera ndi chala. Panalembedwa kuti: “Tamala anali ndi pakati. Usiku sankagona, chakudya sichinkatsika, ndipo ankaopa kuyang'ana atate ake m'maso.”

Ndinadziwa nthawi yomweyo chomwe chinachitika, chifukwa Madamu anali atandiuza kale mmene chigawocho chidzayendere. Ankafuna kunena kuti Tamala anali pakati, uku kantemba uku sukulu, osadziwa kolowera. Koma munthu wophunzira Chinyanja atakula amazolowera kuti “anali” amayenda ndi “ndi”, anali ndi njala, anali ndi njinga, ndiye dzanja lawo linangoikapo kaliwuko lokha. Ndipo ine ndinali nditasowa pamudzi mwadzidzidzi, sukulu ili mkati. Kwa anthu zonse zinagwirizana bwinobwino. Ndinasiya ndowa pamjigo n'kuthamangira kunyumba.

Tsiku limenelo atate anatseka kantemba dzuwa likadali pamutu, chinthu chomwe sankachita ngakhale pamaliro. Amai ananditengera kuchipinda, n'kundifunsa, n'kundiyang'ana monga amayang'anira akazi, ndipo manyazi a nthawi imeneyo ndimawamvabe mpaka lero. Atatuluka anati, “Mwanayu alibe kanthu.” Atate anandigwira padzanja n'kuzungulira nane mpanda. Tinawapeza Madamu akutsuka makina awo ndi parafini.

“A Madamu,” anatero atate, “mimba ya mwana wangayi mwamupatsa ndinu?”

Madamu sanamvetse. Anayang'ana atate, n'kuyang'ana ine. Ndinatola pepala pamphasa, n'kuphimba ka “ndi” kaja ndi chala, n'kuchotsa chalacho, n'kuphimbanso.

“Popanda aka, ali pakati pa zinthu ziwiri,” ndinatero. “Mukaikapo aka, ndiye kuti mimba.”

Aka kanali koyamba kuwaona Madamu Inonge atakhala pansi. Sanafune mpando, anangotsetsereka ndi chipupa mpaka pasimenti. Kenako anagwada n'kuomba m'manja mwa chikwawo, pang'onopang'ono, inki ikudontha m'zala.

“A Banda, nalakwa. Ine nenze kukamba ati ali pakati, uku shopu uku sukulu. Sininazibe.”

“Tinkakuyamikani kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa,” anatero atate. “Lero kalumoko katema mwana wanga. Dzina la mwana wamkazi si pepala loti musindikiza lina. Mukonze. Papepalapo, pamaso pa sukulu yonse, ndi kutchalitchi komwe.”

Madamu analonjeza kuti Lachisanu aphunzitsi akabwera adzatolera mapepala onse n'kuwapatsa okonzedwa, ndipo adzaimirira paliponse kunena kuti linali liwu lolakwika. Ndinapumako pang'ono. Ndinkangodikira Lachisanulo ngati mvula yoyamba.

Lisanafike, masana ena kutentha, ndili ndekha m'kantemba, analowa mtsikana atamanga chitenje mpaka pachifuwa. Ndinamuzindikira. Anali Esinati, wa sukulu ina ya kupitirira Nkwali, amene ankatigoletsa zigoli pa netibo mpaka kutiliza. Ndinali ndisanamuone kwa miyezi ingapo. Anapempha mchere wochepa, n'kudikira mpaka munthu wina wodutsa panja atapita.

“Iwe ndiwe Tamala?”

Ndinadzaza mpweya m'chifuwa kuti ndimukalipire mpaka amve a ku Mfuwe. Koma iye anapitiriza, maso ali pakauntala.

“Ine miyezi faivi. Aticha ananitumizira pepala kunyumba. Nawerenga mpaka lang'ambika. Nenze kuganiza ati ndine nekha. Manje iwe uzachita bwanji? Uzasiya sukulu?”

Yankho loona linali pafupi, loti ine ndilibe mimba, ndi Madamu analakwitsa kulemba. Linafika mpaka kumano. Koma mtsikanayo anali atayenda mtunda wonsewo padzuwa, kudutsa njira ya njovu, kudzafunsa munthu mmodzi yekha amene ankaganiza kuti sangamuseke. Ndinamuyezera mchere.

“Sindisiya,” ndinatero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. “Ngati iwe susiya,” anatero, koma sanamalize. Anamanga mchere pachitenje n'kutuluka.

Lachisanu aphunzitsi anabwera, ndipo ine ndinali kutsuka mbale pathandala, khutu lili kumpanda. Madamu anafotokoza zonse n'kupempha mapepala aja. Kenako anayankha a Chisenga, mphunzitsi wa sukulu ya Esinati.

“Madamu, ine sinibweza. Mwana wa eni ake namumvera chifundo, koma mverani. Atsikana amene anasowa m'kalasi mwanga, amene ife tonse timachita monga sitiziba kwamene ali, ayamba kutumiza azing'ono awo kufunsa chigawo cha folo. Afuna kuziba ngati Tamala azabwerera.”

Ena anavomereza kuti kwawonso zili choncho. Lamulo lololeza mtsikana kubwerera kusukulu akachira linali litabwera kale, koma linali m'Chingerezi, m'madirowa a ahedi, ndipo panalibe munthu anali atalitchulapo m'chilankhulo chomwe makolo angamve. Nkhani za mimba zinali za alangizi, zonong'onezana kuseri kwa nyumba. Ndipo apa, mwangozi, zinali zitalowa m'kalasi, anyamata ndi atsikana akumvetsera limodzi, osaseka ndi mmodzi yemwe.

Aphunzitsi atapita, ndinamva mapazi a Madamu akupita ndi kubwera pakhonde, kupita ndi kubwera, mpaka mithunzi inatalika. Kenako anaima pampanda.

“Mwanaka, wamva zonse, si so?”

“Ndamva.”

“Nili na masitensulo awiri. Imozi yokonza, Tamala alibe mimba, ine naimirira nakamba ati nenze nalakwitsa. Inangu, Tamala ali nayo, abala, abwerera ku sukulu. Dzina ni yako. Ukakamba ati futa, nifuta lelo.”

“N'chifukwa chiyani mukufunsa ine? Funsani atate.”

“Atate ako naziba kale zamene azakamba. Koma amene aseka ni iwe.”

Ndikunena poyera: mpaka lero ndimakwiya ndikakumbukira funso limenelo. Unali katundu wolemera kwambiri woti munthu wamkulu, wophunzira, asenzetse mwana. Anayenera kusankha okha n'kusenza okha. Koma ndikudziwanso kuti akanasankha okha akanafuta, chifukwa anali atalonjeza, ndipo Esinati akanamva kuti mnzake uja anali liwu lolakwika chabe. Ndinaima pamenepo mbale ili m'manja. Ndinadziuza kuti mimba sibisika, miyezi idzandiyankhira yokha, anthu adzaona kuti palibe kanthu n'kuchita manyazi. Nzeru za mwana zimathera pafupi.

“Musafute,” ndinatero.

Lolemba Madamu anaimirira pamaso pa sukulu yonse n'kunena kuti Tamala ndi munthu wa m'nkhani, si Misozi, ndipo Misozi alibe vuto lililonse. Anakanenanso kutchalitchi. Koma za liwu lolakwika sanatchule, ndipo chigawo chachinayi chitatuluka, Tamala akusanza kuseri kwa kantemba, anthu anangogwedeza mitu. Kukana kwa Madamu kunakhala ngati umboni. Atate anapsa mtima mwakuti anakweza mpanda uja ndi bango lina pamwamba, ndipo sanalankhulenso ndi Madamu mpaka tsiku lomwe anasamutsidwa. Atamva kuti ndinavomereza ndine, sanandimenye. Anangoti, “Walira mvula walira matope,” n'kutembenuka.

Matope ake anali ochuluka kuposa mmene ndinkaganizira. Miyezi inapita, mimba sinaoneke, ndipo ine ndinkadikira kuti wina abwere kudzapepesa. M'malo mwake pamjigo panamveka kuti mwana wa a Banda anachotsa, n'chifukwa chake anamutumiza ku Msoro. Chimenecho miyezi sikanatha kuchiyankha. Anandiimitsa m'kwaya kwa nyengo yonse, amai ake a Dailesi anamuletsa kuyenda nane, ndipo anyamata ena anayamba kubwera kukantemba ndi maso omwe sindinawakonde. Ndinkalira kudimba, pomwe utsi wa tsabola unkandipatsa chonamizira. Chodabwitsa n'chakuti atate anasiya zoti ndichoke pasukulu. Anati akandichotsa anthu anena kuti zinali zoona, ndiye ndikhala pomwepo mpaka ndimalize, kaya ndifune kaya ndisafune.

Madamu sanasiye kundiitana pampanda, ndipo ine, ngakhale ndinali ndi mkwiyo, ndinkazembabe n'kupita. Zigawo zotsala za Tamala ndinazikonza ndekha, liwu ndi liwu, kuphatikizapo chomwe ahedi amatulutsa lamulo lija m'dirowa n'kuliwerenga m'Chinyanja pamsonkhano wa makolo. Esinati anabwerera kusukulu atachira, agogo ake akumubweretsera mwana nthawi yopuma kuti ayamwitse pansi pa mtengo wa mango. Ena anabwerera, ena sanabwerere. Titakumana pa netibo chaka chotsatira anandigwira dzanja mwamphamvu n'kunong'oneza kuti, “Pepa za mwana wako.” Sindinamukonze.

Patapita zaka Madamu anasamutsidwa, ndipo nkhani zawo zinasonkhanitsidwa m'buku lomwe pano limawerengedwa m'masukulu ambiri. Ine ndinamaliza sukulu, n'kupita kukoleji, n'kubwerera m'chigwa momwemo kudzaphunzitsa Chinyanja. Atate anamwalira akudziwa zoona zake, koma osaiwala manyazi.

Chaka chatha ife aphunzitsi a zilankhulo m'boma la Mambwe tinagwirizana kuti tiwaitane Madamu Inonge tidzawafupe akadali moyo, chifukwa cha mabuku a achinyamata ndi chifukwa cha aphunzitsi onse omwe anadutsa pakhonde lija. Anafika atakalamba, tsitsi lili mbuu, akuyenda ndi ndodo. Tinawakonzera mpando waukulu kutsogolo kwa holo ya sukulu, koma ankangodzukadzuka, kukagwira chanza uyu, kukasuzumira pawindo. Ng'oma zitayamba aphunzitsi anabwera movina, wina ndi chitenje, wina ndi mpunga, wina ndi nkhuku yomanga miyendo, n'kumaika pamapazi pawo akazi akululutira. Ndinasangalala kuchokera pansi pa mtima, chifukwa zinali zowayenera.

Ndiye anaimirira a Chisenga, omwe pano anapuma ntchito. Anayamikira kulimba mtima kwa Madamu polemba za mtsikana wapasukulu woyembekezera nthawi yomwe ena onse ankaopa. Iwo ankadziwa bwino mmene zinayambira, koma zaka zimasalaza nkhani, ndipo munthu akagwira maikolofoni amafuna mawu okoma. Atakhala pansi, mphunzitsi wina wachinyamata amene ankayendetsa mwambo, wobadwa zonsezi zitachitika kale, anawonjezera zake.

“Ndipo tamva kuti Tamala weniweni tili naye muno. Madamu Misozi, imani anthu akuoneni. Atsikana, onani: munthu angagwe, koma akadzuka amafika apa.”

Holo yonse inaomba m'manja. Ana anga a m'kalasi anali momwemo, ndi mwamuna wanga. Ndinaimirira chifukwa panalibe chochita, ndipo maso onse anali pa ine ngati tsiku lija pamjigo.

Madamu anamenya ndodo pansi n'kulanda maikolofoni.

“Iyayi. Mverani. Uyu mwana sanakhalepo na mimba. Ine nenze siniziba Chinyanja. Nenze kufuna kulemba ati anali pakati, nalemba ati anali ndi pakati. Inali misiteki. Kulimba mtima kwamene mukamba sikwanga, ni kwa uyu.”

Anthu anaseka. Anaseka mokoma, mwachikondi, poganiza kuti gogoyo akuchita nthabwala zodzichepetsa ndi zonditeteza ine. Wina anafuula kuti Madamu nthabwala sanasiye, ng'oma n'kuyambanso. Madamu anayang'ana uku ndi uku, pakamwa pali yasa, maikolofoni ikadali m'manja. Anali atadikira zaka zonsezo kuti anene mawu amenewo, ndipo mawuwo anafika mochedwa.

Mwambo utatha ndinawaperekeza kugalimoto. Anayenda pang'ono n'kuima, n'kuyendanso, n'kuimanso.

“Mwanaka, unanikhululukira?”

Ndinaganiza zowanamiza, poti ndi nkhalamba ndipo linali tsiku lawo. Koma ndi iwo anandiphunzitsa kukonza liwu likalakwika.

“Masiku ena, a Madamu. Masiku ena ayi.”

Anagwedeza mutu. “Na ine ni chimozimozi,” anatero, n'kukwera.

Dzina langa silinabwerere, ndipo pano ndikudziwa kuti silidzabwerera. M'chigwa muno ndidzafa ndili mtsikana uja amene anagwa n'kudzuka, kapena amene anachotsa, malinga ndi amene akusimba. Chimandiwawa, ndipo pali masiku omwe ndimalephera kukhala pampando wa m'kalasi, n'kumangozungulira pakati pa madesiki. Koma chaka chilichonse ndimawerengera giredi 8 nkhani ya Tamala mokweza, ndipo ndikafika pa mzere uja sindiyang'ana m'buku, chifukwa ndimaudziwa pamtima. Ndimayang'ana ana. Anyamata amagwirana m'nthiti, atsikana amabisa kumwetulira, ndipo zaka zambiri pamakhala mmodzi amene sasuntha n'komwe, maso ali padesiki. Belu likalira amachedwa dala kulongedza makope mpaka anzake atatuluka, kenako amabwera patebulo langa n'kufunsa ndi mawu otsika ngati n'zoona zomwe anthu amanena, kuti Tamala ndine. Ndimatseka chitseko, ndimamukokera mpando, ndipo sindimukonza.